Kuphanga la Maria Munthu Sadzipempherera

Kwathu, kumene mapiri a Dowa amagundana ndi a Ntchisi, kuli kaphiri komwe simungakapeze pamapu. Pamwamba pake pali phanga, ndipo m'phangamo muli chifaniziro cha Amayi Maria chotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, mphuno yake yomatidwa ndi simenti. Alendo akafika amagwa ulesi. Amayembekezera zonyezimira, koma amapeza kachifaniziro kosuluka, makandulo osungunuka ndi maluwa apulasitiki odzaza fumbi. Eni akefe sitichita nako manyazi, chifukwa tikudziwa zimene zachitika pamenepo.

Lamulo la kuphangako ndi limodzi lokha: munthu sudzipempherera wekha. Analiyambitsa ndi amayi awiri a m'mudzi mwathu, omwe anamwalira ine ndisanadziwe kanthu. Wina anali ndi mwana wosayenda, winayo mwamuna wake anapita kukagwira ntchito ku Halale n'kuiwala njira yobwerera. Onse awiri ankakwera phirilo Korona yopempherera ili m'manja, aliyense kudandaula zake, mpaka mawondo anakhakhala, koma kumwamba kunali zii. Tsiku lina mayi wa mwana uja atatopa anauza mnzakeyo kuti, "Ine mawu andithera. Tengani nkhani yangayi muinene ndinu, ine ndinene yanu." Anasinthanadi. Mvula isanagwe mwana uja anaimirira atagwira mtondo, ndipo chimanga chisanache mtchona uja anatulukira, atawonda koma wamoyo. Chifanizirocho chinabwera pambuyo, wansembe wina wa kumishoni atamva mbiriyi.

Kuyambira apo, chaka chilichonse mu Ogasiti, pa chikondwerero cha Maria Wotengedwa Kumwamba, anthu a miphakati yonse yozungulira amakwera phirilo. Chakumtunda njira imadutsa pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, pamene timangoti pampata. Pamangokwana anthu awiri. Amene wadutsa naye pampatapo ndiye mnzako wa tsikulo. Umamuuza chimene chakudzetsa, iyenso akuuza chake, ndipo mukafika kuphanga mumagwada, aliyense n'kunena mokweza pempho la mnzake. Amuna amakwera paokha, akazi paokha, monga timakhalira m'tchalitchi. Kusankha mnzako n'koletsedwa, koma munthu ndi munthu. Mumaona wina akumanga nsapato yomangidwa kale, kudikira kuti amene akulimbana naye malire a munda adutse. Amalume anga anayesa nzeru imeneyi chaka china, osadziwa kuti mdani wawoyo nayenso akumanga yake, mpaka anatsala awiriwiri. Anapempherera fodya wa munthu amene sankapatsana naye moni, mano atakukuta. Fodyayo anachita bwino moti amalume anadwala naye mutu mpaka kuokushoni.

Zozizwitsa zimene timawerengera phangalo zilipo zambiri, ndipo sindinganame kuti zonse ndinaziona ndi maso angawa. Akuti moto wa osaka mbewa unadya phiri lonse n'kuzima utafika pakhomo pa phanga. Mayi wina wa kufupi ndi Nachisaka, amene apongozi ake anali atamufunira kale mwamuna wake mkazi wina, anabereka amapasa. Amenewo ndinawaona, ndipo mmodzi ndinamuphunzitsa kusukulu, mutu wake wouma ngati wa aliyense. Ena anapemphereredwa n'kumwalira ndithu. Zimenezo sitibisa, timangozinena motsitsa mawu.

Koma pempho limene linakwera phirilo kambirimbiri osayankhidwa linali la amayi anga.

Amayi anabadwira mu Mpingo, anabatizidwa ali khanda. Abambo anachokera mbali ya Ntchisi, anabwera chikamwini, munthu wosalowa tchalitchi chilichonse. Anakwatirana mwa mwambo wathu, ndipo abambo anakana kukadalitsa ukwatiwo kwa wansembe. Malinga ndi lamulo la Mpingo, amayi analeka kulandira Ukaristiya, mgonero wa Ambuye. Kuyambira ine ndisanabadwe, Misa iliyonse anthu akamafola kupita kutsogolo, amayi ankatsala pabenchi, atapinda miyendo kuti anzawo adutse. Ankasesa tchalitchi ndi iwo, kuyambitsa nyimbo ndi iwo. Anandiphunzitsa okha kupinda manja pa tsiku langa loyamba kulandira, anandisokera diresi loyera, ndipo pobwerera kuchokera kutsogolo ndinawapeza atakhala pomwepo akundimwetulira. Tsiku limenelo ndinakwiya kwambiri. Ndinakwiyira abambo, ndinakwiyira wansembe, ndinakwiyiranso Amayi Maria, ngakhale izi sindinauze munthu.

Abambo sanali nkhanza ayi. Anali mlimi wa fodya wolimbikira, woseketsa, wosamenya mkazi. Koma nkhani iyi ikayamba ankauma gwa. "Ine ndinakwatira masana dzuwa likuswa mtengo," ankatero. "Ankhoswe analipo, nkhuku zinadyedwa. Lero ndikakwatirenso mkazi wanga yemwe? Ndiye kuti ana awa anabadwira patchire?" Akatekisiti anabwera, anabwerera. Ansembe anasinthana pa parishi, aliyense anayesa, abambo n'kumawapatsa nkhuku ndi moni wabwino basi. Chifaniziro chija ankachitchula kuti chidole cha amayi anu.

Ndiye tangoganizani. Chaka ndi chaka amayi ankadutsa pampata ndi mayi wina, ndipo mayiyo ankagwada n'kunena mokweza kuti mwamuna wa uje afewe mtima. Mudzi wonse unasenzapo nkhani ya m'nyumba mwathu. Abambo ankadziwa, ndipo ankati, "Dzina langa lakwera phiri lija kuposa mbuzi za m'mudzi muno." Ine nditakula ndinauza amayi kuti asinthe pempho, apemphe china chotheka. Anangondiyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinati nkhono imeneyi maso ilibe.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditakwatiwa kale, ndikuphunzitsa kutali, ndipo ndinabwera kumudzi kudzakwera nawo phiri. Ndinapeza amayi atagwidwa ndi nyamakazi, mawondo atatupa ngati maungu. Kuchipatala cha kuboma anawapatsa mapiritsi omwe ankangochepetsa ululu. M'mawa wa chikondwerero anasamba, anavala chitenje chawo cha Maria, anamanga duku, koma atafika pakhonde analephera kutsika. Anakhala pansi. Nyimbo za anthu opita kuphiri zinkamveka kumsewu. Alongo anga anali kutauni, njinga yamoto sikwera phiri limenelo, ine ndekha sindikanawatha. Ndinati ndikawanenera, koma tonse tinkadziwa kuti pempho limapita ndi mwini wake. Misozi ya amayi inkangotsika mwakachetechete, akuyendetsa Korona m'zala. Ndinachita mantha, chifukwa ndinaona kuti akudziwerengera okha kuti mwina chaka chamawa sadzakhalapo.

Abambo anali pansi pa mtengo akusema mpini. Anayang'ana kamodzi, anapitiriza kusema, kenaka anaponya kasemasema pansi n'kupita kukhola. Anabwera atamanga ng'ombe pangolo. "Musandiyang'ane choncho," anandiuza. "Sindikupita kukapemphera ine. Ndikuperekeza munthu wanga, kulira kumeneku kukundisokosera."

Ngolo inatifikitsa patsinde pa phiri, pomwe njira yake imathera. Anthu anali atayamba kale kukwera. Abambo anayang'ana kumtunda, anayang'ana amayi, anapukusa mutu. Kenaka ananjuta n'kunena kuti, "Mayi a ana, kwerani." Anandilanda chitenje changa chapamwamba, ndipo ndinawathandiza kumanga mfundo pachifuwa. Mwamuna wa imvi mbuu, wabereka mkazi wake kumbuyo ngati khanda, anthu onse akuona! Anyamata anayamba kuseka, amuna anzawo anayang'ana kumbali. Koma amayi a mphakati wathu anayambitsa nyimbo, ndipo kuseka kunamira m'nyimbomo. Abambo sanalowe mzere wa amuna, sanalowe wa akazi. Anangolunjika pakati, akupuma wefuwefu, akudandaula kuti munthu wodwala salemera chonchi.

Pampata pamaima mkulu wina amene amasamala phangalo. Ndi mwana wosayenda uja, lero nkhalamba yoyendera ndodo. Abambo anadutsa pakati pa miyala ija amayi ali kumsana, anafika pabwalo la phanga, anawatsitsa pamwala n'kuyamba kupukuta thukuta ndi chipewa. Mkulu uja anawatsatira pang'onopang'ono.

"Achimwene," anatero, "mwadutsa awiri."

"Ine ndine ngolo chabe," abambo anayankha.

"Ngolo ili kumusi, ndikuiona. Mwadutsa awiri, ndipo lamulo mukulidziwa."

Apa m'pamene tonse tinazindikira. Chiyambire, mwamuna ndi mkazi wake anali asanadutsepo limodzi pampata, poti mizere ndi yosiyana. Palibe amene anaganizapo, ngakhale ine amene ndinamanga mfundo ija. Abambo akanatha kuvala chipewa chawo n'kutsika, ndipo ndinkayembekezera zomwezo.

Anayamba ndi amayi. "Bambo a ana, ndikunenereni chiyani?"

Abambo anayang'ana ku mapiri a kwawo. "Ndilibe kanthu ine." Kenaka anawonjezera, mawu ali pansi, "Miyendo yanuyo. Ichire. Msana wanga ndi umodzi."

"Langa mukulidziwa," amayi anatero.

"Linenedwe," anatero mkulu uja.

Amayi anali atauza akazi onse a m'dera lathu pempho limeneli, koma panali patapita zaka zambiri asanalinene pamaso pa mwini wake. Anawayang'ana m'maso. "Ndikufuna ndilandire ndisanafe."

Amayi anapemphera koyamba, atakhala pamwala pomwepo poti kugwada kunali kosatheka. Ananena za miyendo yawo ngati ndi ya munthu wina. Kenaka inafika nthawi ya abambo. Kugwada sankakudziwa, anangonjuta monga amachitira pamaliro, chipewa chili m'manja. Anayang'ana kachifaniziro kaja nthawi yaitali.

"Mayi inu," anayamba, "ine simundidziwa."

"Akukudziwani bwino!" anakuwa mayi wina kumbuyo, ndipo anthu anaphulika kuseka, ena akupukuta misozi.

Abambo anadikira phokoso lithe. "Mkazi uyu akupempha kuti mwamuna wake afewe mtima, kuti iye alandire asanafe. Mwamuna wakeyo..." Anaima. Anatembenuka n'kutiyang'ana tonse. "Koma anthu inu. Ndivutitsirenji mayi wa eni, mwamunayo ndili pompano? Basi, ndamva. Kawauzeni abambo mfumu kutchalitchi, adalitse ukwatiwo."

Nthungululu zimene zinalira pamenepo akuti zinamveka mpaka m'midzi ya kutsidya kwa mtsinje. Akazi anavula zitenje zapamwamba n'kumazikupiza m'mwamba. Amayi onse amene anasenzapo pempho lija, ndipo anali ambiri, ankavina ngati ukwatiwo ndi wawo. Ine mphunzitsi wolemekezeka ndinadzigwetsa pafumbi ndikulira ngati mwana. Ndinakondwa moti sindinakondwepo chotero, ngakhale pa ukwati wanga. Potsika amuna ankalimbirana kunyamula amayi, abambo n'kuwakaniza onse.

Mpaka lero anthu amatsutsana ngati chimenechi chinali chozizwitsa. Abambo ankati unali msampha, ndipo amayi anautchera dala. Ndinawafunsapo amayi, anangoseka n'kundituma madzi. Mkulu wa kuphanga amachiwerengera patsogolo pa amapasa aja. Amati mimba yotseka imatseguka, koma mtima wa mkamwini wa ku Ntchisi ndi nkhani ina. Miyendo ya amayi sinachiriretu, inangopepuka moti ankayenda ndi ndodo. Abambo ankati pempho lawo linayankhidwa theka chifukwa anali mlendo.

Ukwati unadalitsidwa mvula yoyamba isanagwe, chilolezo chitabwera kuchokera kwa aepiskopi. Abambo sanabatizidwe, ndipo ananeneratu kuti asawakakamize, nkhani imodzi pa nthawi. Anavala jekete lobwereka, anayankha mafunso a wansembe mokweza ngati akuitana ng'ombe. Tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo.

Itafika nthawi yolandira, palibe amene anadzuka. Onse anadikira amayi. Anaimirira, anasiya ndodo pabenchi, anayenda okha pang'onopang'ono mpaka kutsogolo. Wansembe anali wachinyamata, wozolowera anthu olandira ataimirira, atatambasula manja. Koma amayi analeka kulandira kalekale, nthawi imene anthu ankalandira atagwada. Sanadziwe njira ina. Anatsika ndi mawondo otupa aja mpaka pasimenti, anapinda manja pachifuwa, anatseka maso n'kutsegula pakamwa ngati kamwana ka mbalame. Wansembeyo anazengereza pang'ono, kenaka anawerama. Kwaya inalephera kuimba. Amayi atafuna kudzuka miyendo inakana, ndipo abambo anachoka pampando wawo n'kukawadzutsa.

Kunyumba tinali titapha mbuzi, mpunga unali mbwee, thobwa m'migolo. Anthu anadya, anavina mpaka fumbi linakwera pamwamba pa chigafa cha fodya. Amayi anakhala pamkeka pakhonde, akulandira moni wa aliyense. Ndinawapatulira chiwindi, chimene ankachikonda kwambiri, ndinagwada n'kuwaikira mbale patsogolo. Sanaikhudze. Patapita nthawi ndinabweranso n'kupeza ntchentche zikuzungulira.

"Amayi, idyani. Simunalawe kanthu chidzukire."

Anakankhira mbaleyo kwa ine, akuyang'ana anthu ovina.

"Kapatse ana," anatero. "Ine ndakhuta."