Zilumba za M'galasi la Bambo

Bambo anga ameta anthu kwa zaka makumi atatu ndi zinayi m'kachipinda kamodzi komweko, pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa mabatire. Msewu wonse umangowatchula kuti a Meta. M'kachipindamo muli mpando wozungulira womwe umalira ukatembenuka, benchi la anthu anayi, kashelefu ka zipeso ndi makina, ndiponso galasi lalikulu pakhoma.

Galasilo ndinkadana nalo. Linali lakale kuposa ine, ndipo kumbuyo kwake kunkadyeka, moti linali ndi mabanga akuda paliponse, ena aakulu ngati chikhatho, ena ngati nyemba. Ukadziyang'anamo unkaoneka ngati wangochira chikuku.

Kwa Bambo amenewo sanali mabanga. Zinali zilumba, ndipo galasi lonselo linali nyanja.

Ine tsitsi langa ankaluka Amayi kunyumba, ndiye pampando uja ndinali ndisanakhalepo. Nkhani za zilumbazo ndinkangozimvera pakhomo ndikabweretsa chakudya chamasana. Banga lalikulu la pakati linali Chigoba, kumene anthu amakhala m'zigoba za akamba, ndipo munthu akayambana ndi mnansi wake amangodzutsa nyumba yake n'kusamuka nayo. Mfumu yoyamba ya ku Chigoba inakana kumeta kwa zaka zana, mpaka asodzi ankamangirira mabwato ku tsitsi lake. Kumanja ndi kumanzere kunali Mapasa, zilumba ziwiri zimene kale zinali chimodzi, koma zinapatukana polimbirana mbuzi yodziwa kusambira. Pansi penipeni panali Chakuya, kumene anthu amayenda atawerama, kutola nyenyezi zakugwa zoti asinje mchere. Pamwamba panali Nsonga, phiri lokhalokha, la mbalame zakuba madenga.

Mabangawo ankakula chaka ndi chaka, ndipo ena atsopano ankatuluka. Bambo ankabwera kunyumba akumwetulira n'kunena kuti, "Amayi, lero kumpoto kwatuluka chilumba." Amayi ankangoti, "Sambani m'manja kaye, mudzatiuza za kumpotoko mukudya."

Nditakula n'kuyamba ntchito ku ofesi, ndinaganiza zowachotsa manyazi. Manyaziwo anali anga, osati awo, koma izi ndinazizindikira mochedwa. Ine ndi munthu wa phuma, ndipo ndikati ndichite chinthu sindifunsa. Lamlungu lina ndinaba kiyi m'thumba la jekete lawo, ndinabweretsa kalipentala, tinapachika galasi latsopano lowala mbee. Lakale lija ndinapatsa bambo wina woyenda ndi wilibala wotolera zakutha. Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuti ana ngati ine ndi osowa.

Lolemba m'mawa ndinawaperekeza kuti ndione nkhope yawo. Anatsekula chitseko, anaima, anavula chipewa.

"Lowala bwino, mayi. Zikomo," anatero. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga lakale lija mwaliika kuti?"

"Lapita, Bambo. Zinyalala zija?"

Bambo anatenga tsache n'kuyamba kusesa pansi pomwe panali posesa kale.

Sabata imeneyo kunyumba kunali zii. Amayi ankandiponyera diso lija loti wekha ukudziwa. Ine ndinaumirira kuti azolowera. Loweruka, lomwe ndi tsiku la ana, ndinapita kukadzionera ndekha mmene galasi langa likukongoletsera ntchito.

Ndinapeza benchi litadzaza. Pampando panali kamtsikana ka zaka zitatu, kobwera ndi bambo ake, munthu wamkulu thupi woyendetsa basi. Makina atangolira, mwanayo anadziona m'galasi, nkhope yonse bwinobwino, ndi chinthu cholira chikubwera kukhutu kwake. Anakuwa mpaka wosoka nsapato anasuzumira. Bambo anayesa kuti, "Werama, mwana wanga," koma iye anadzutsa mutu. Anati, "Tembenukira uku," iye anatembenukira uko. Pomaliza anatsika atametedwa mbali imodzi yokha, ndipo ana ena a pabenchi, poona zimenezo, anayamba kulira nawo. Bambo anazimitsa makina.

A Dalaivala aja anayang'ana khoma n'kufunsa kuti, "A Meta, Chakuya chapita kuti? Ine mwanayu ndamuuza njira yonse kuti akukaona anthu otola nyenyezi."

"Nyanja yauma, achimwene," anatero Bambo.

"Wachita zimenezi ndani?"

Ndinayankha ndekha, mwamakani, kuti ndine, ndipo kuti galasi ndi lodziyang'anira, osati lonenera nthano. A Dalaivala anandiyang'ana ngati ndaponda mwana wawo.

"Achemwali, inu simunakhalepo apa, eti? Ine ndinakhalapo ndili ngati uyu. Akafuna kumeta kunkhongo amakufunsa kuti anthu a ku Chakuya atola nyenyezi zingati lero. Iwe umawerama wekha kuti uwerenge. Akafuna kuseri kwa khutu amakutuma ukafune mbuzi ku Mapasa, kaya la kumanja kaya la kumanzere. Ukamaipeza mbuziyo, khutu latha. Ngakhale lero ndevu zapakhosizi amandimeta ndikuyang'ana ku Nsonga. Inu mwawatayira chipangizo, osati galasi."

Zaka zonsezo ndinkayesa kuti Bambo amangocheza, osadziwa kuti chilumba chilichonse chinali ndi ntchito yake, ngati chipeso ndi lumo. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinatuluka osatsanzika.

Wa wilibala uja ndinamusaka masiku awiri. Nditamupeza anakanda mutu n'kunena kuti galasi analisiya kwa mayi wina woweta nkhuku kuseri kwa malo ochapira magalimoto. Ndinalipezadi kumeneko, atatsekera nalo bowo la khola. Tambala wa pakhomopo anali atatha masiku akumenyana ndi mnzake wa m'galasi, ndipo onse awiri sankafuna kugonja. Mayiyo anaseka mpaka kugwira m'mimba nditamuuza kuti ndimupatsa latsopano, lowala, kuti andibwezere lamabangali. Anavomera msangamsanga, poopa kuti nzeru zingandibwerere.

Koma polichotsa pakhola tinaona kuti lang'aluka. Mng'alu unayambira pamwamba, kudutsa pambali pa Chigoba, mpaka pansi. Ndinalipukuta zitosi ndi mpango wanga ndikulira, anthu akundiyang'ana.

Ndinafika nalo madzulo Bambo akutsuka zipeso. Ndinaliimika pakhoma n'kunena zonse mwakamodzi, kuti ndalakwa, kuti lasweka, kuti andikhululukire. Iwo anavala magalasi awo a maso, anawerama, n'kutsatira mng'aluwo ndi chala kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinkadikira mawu owawa. Ndinangomva akuseka, kuseka kwawo kuja kogwedeza mapewa.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikuvutika kuti anthu a ku Nsonga amapita bwanji ku Chakuya kukagula mchere," anatero. "Taonani, amanga mlatho!"

Anaitana wosoka nsapato kuti awathandize kupachika. Loweruka lotsatira benchi linasefukira, ena anakhala pakhonde. Bambo analengeza mbiri yatsopano, yoti chaka chino chimphona chachikazi chinanyamula nyanja yonse n'kukaibisa kudziko la tambala wolusa, koma mtima unachipweteka, chinaibweza, n'kumanga mlatho wopepesera. Ana anafunsa ngati chimphonacho chinali choopsa. Bambo anandiyang'ana pakhomo pomwe ndinaima n'kuti, "Kwambiri. Koma chimabweretsa chakudya chamasana." Kamtsikana ka a Dalaivala kanawerenga nyenyezi zisanu ndi ziwiri ku Chakuya, ndipo kanatsika mutu uli bwinobwino mbali zonse.

Anthu atatha, Bambo anakuntha tsitsi pampando n'kunena kuti, "Khalani apa, mayi."

"Ine simundimeta, Bambo."

"Ndani akufuna tsitsi lanulo? Khalani."

Ndinakhala, mpando unalira. Ndili pamenepo ndinaona nyanja yonse kwa nthawi yoyamba mmene ana amaionera, nkhope yanga itabisika kuseri kwa Chigoba. Bambo anaima kumbuyo kwanga, pamalo pamene amaima tsiku lonse, n'kuloza kabanga kena kamene sindinamvepo nkhani yake.

"Ako ndi Kamakani. Kanatuluka sabata imene munabadwa inu. Anthu ake safunsa munthu, amangochita. Koma akalakwa amayenda mtunda wautali kukakonza."

"Nanga bwanji simunena za iko kwa ana?"

"Kameneko si kogwirira ntchito. Ndi kanga."

Ndinayang'anitsitsa. Bambo akaima pamenepo, kachilumbako kamagwera pathumba la malaya awo, kumanzere, pomwe amaika chipeso. Zaka zonse ndinkaima pakhomo ndi mbale m'manja, ndipo kuchokera pakhomo sikaoneka. Misozi inatsika, ndipo sindinaibise.

"Kakukulabe," anatero Bambo akundipatsa kansalu kopukutira makasitomala. "Mukapitiriza khalidwe lanuli, chaka chamawa kaposa Chigoba."