Chaka chimene abambo anabereka Esinati

Fungo la fodya wowamba likandipeza, ngakhale lero ndili nkhalamba, ndimaona msana wa abambo. Tinkakhala pa famu ya mzungu m'dziko lija tonse tinkangoliti ku Halale. Abambo anapita kumeneko kukagwira ntchito ya fodya, natitenga ine ndi amayi kuchoka kwathu ku Magaleta, m'mapiri a Neno. Mng'ono wanga Esinati anabadwira komweko. Mvula ya chaka chimenecho itangoyamba, amayi anadwala chifuwa, ndipo tinawaika m'manda a alendo kuseri kwa komboni. Esinati anali asanayambe kuyenda, ine mano akutsogolo anali atangoguluka.

Mwana anafuna bere mpaka mawu anatha. Anangotsala maso, tsitsi litafiira, timiyendo titatupa. Mkazi wa kapitawo, mayi wa Chizezuru amene analibe mwana, ankabwera ndi mkaka m'botolo, ndipo ndisaname, anali munthu wamtima wabwino. Tsiku lina anapempha kuti amutenge Esinati akhale wakewake. Azimayi akwathu a pakomboni anagwirizana nazo. "Achimwene, mwamuna salera khanda. Perekani, mwana apulumuke," anatero mmodzi. Koma abambo anati, "Mwanayu si wanga woti ndingapatse munthu. Eni ake ali ku Magaleta. Ndikamusiya kuno, amalume ake ndikawauza chiyani?"

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, bambo ndi mkamwini chabe. Koma kunyamuka nthawi yomweyo sikukanatheka, poti chitupa chawo chinali kwa mzungu mpaka fodya atatha kusankhidwa. Ndiye kunalibe kuchitira mwina. Abambo anatenga nsalu ya amayi n'kumuponya mwana kumsana.

Mayo ine, kubereka kwake! Anamanga mfundo ngati akumanga mtolo wa fodya, mwana anapendekera kumbali, mwendo umodzi uli lendelende. Komboni yonse inafa nacho chiseko. M'mawa popita kumunda, anzawo ankawafuulira, "Mwadzuka bwanji amake Esinati?" Iwo osakwiya ayi, ankangoyankha, "Ndadzuka bwino amuna anga, nanga mwandigulira sopo?" Ine ndiye manyazi ankandigwira, moti ndinkayenda kumbuyo kutali kuti anthu asati ndine mwana wawo.

Anaphunzira zonse. Madzulo ankagwira munsi n'kusinja mtedza, munthu wamtali ngati mlongoti atawerama pa mtondo wa amayi. Phala la ufa wa phoso, umene mzungu ankagawira antchito, ankalithira nsinjiro, n'kumudyetsa mwana ndi chala, akumuimbira nyimbo za kutchalitchi ndi mawu awo oipa aja. Mkaka wa mayi uja ankalandira ndi manja awiri, koma mwana osamusiya kumeneko. Malaya awo ankanunkha mkodzo, fodya ndi utsi. Akalowa m'nyumba yowambira fodya, momwe munkatentha koopsa, ankandisiyira mwana pamthunzi wa mkuyu, n'kumasuzumira pakhomo thukuta lili kamukamu kuti aone ngati ndikumuingitsira ntchentche. Nthawi ina Esinati anatsegula m'mimba, maso analowa, ndipo ndinamva azimayi akunong'onezana kuti manda achiwiri ali pafupi. Abambo anangokhala naye pamiyendo, akumudonthezera madzi a phala pakamwa, mpaka anameza.

Pofika nthawi ya chisanu, kutupa kunatha. Tsitsi linada, masaya anabwerera, ndipo anayamba kuimirira atagwira buluku la abambo. Ofuula aja anasiya. Mmodzi anamusemera kampando, wina ankamubweretsera masau m'chipewa. Tsiku lonyamuka, mkazi wa kapitawo anamuveka Esinati mkanda m'khosi akulira, abambo anamugwadira mayiyo pothokoza.

Za ulendo ndikukumbukira fumbi la mu lole, madzi a Zambezi otambalala ngati alibe tsidya, ndi matuza a m'mapazi mwanga pamene tinkakwera zitunda kuchokera ku Mwanza. Abambo anali ndi sutikesi pamutu, mwana kumsana, ine kudzanja. Titatulukira ku Magaleta, mphepo inali kununkhira malalanje ndi lupsa. Amayi aang'ono atationa tili atatu, anadziponya pansi, mudzi wonse unayamba maliro.

Abambo anapita pamaso pa amalume a Jailosi, mchimwene wawo wa amayi, nagwada. Anamasula nsalu n'kumuimika mwana pansi. "Alamu, mlongo wanu ndalephera kubwera naye. Ana anu ndi awa." Esinati anayang'ana anthu olirawo, anayang'ana kamwana ka mbuzi kamene kankadutsa pabwalo, basi n'kusiya dzanja la abambo. Anayenda! Dzandidzandi, manja m'mwamba, kulondola kambuziko mpaka pa nkhokwe. Kulira kuja kunasanduka nthungululu, ine ndinalumpha mpaka nsalu inandivuka.

Amalume anapukuta maso ndi chikhatho. "Alamu, dzukani. Munthu wondibwezera mbumba sindingamusudzule. Munda wa mlongo wanga uja limani ndinu."

Tsiku limenelo ine ndinkayesa kuti tapambana chifukwa mwana wayenda. Ndinadzazindikira nditakula kuti mkazi akamwalira, mkamwini amamasulidwa n'kubwerera kwawo chimanjamanja, ana n'kutsala. Abambo ankadziwa zimenezo pa mtunda wonse uja. Ankabereka mwana kupita naye kwa anthu amene akanatha kuwalanda, ndipo anapitabe. Anakalambira pa Magaleta pomwepo, ndipo amene anawatseka maso ndi Esinati.