Suti ya ku Mangalande

"...ndiye mukakwera ndegeyo, musakakhale ku windo. Ku windo n'kwa ana ndi anthu a chikhodzodzo cholimba. Inu mukakhale cha kunjira, kuti mukafuna kukataya madzi musakadzutse mzungu."

Ankanena zimenezi anali a Yeremiya Mbewe, telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu pa Mponela, tepi ili lendelende m'khosi. Womvetserayo, manja atawatambasula ngati khwangwala woyanika mapiko, anali a Bonifasi Kachiza, mlimi wa fodya. Mwana wamkazi wa a Bonifasiwo, namwino wokwatiwa ku Mangalande, anali atawatumizira tikiti kuti akadye Khirisimasi kumeneko. Unali mwezi wa Novembala, chaka cha 1995, mvula isanagwe, malata akulira ndi dzuwa.

"Nanga zakudya, a Mbewe? Akuti amadyetsa m'mwambamo."

"Amadyetsa, a tcheyamani. Koma mafoloko mukawabwezere. Si a chipani."

A Bonifasi anaseka ndi mano okha. Utcheyamani unatha limodzi ndi chipani chimodzi, ndipo pa Mponela ponse munthu yekhayo amene ankawaitanabe choncho anali telalayu.

Aliyense wa kudera lino amene anakwerako ndege m'zaka zimenezo anayamba wadutsa pakhonde limeneli. Masisitere opita ku Nairobi, anyamata a ku seminale, aphunzitsi okachita kosi, ngakhale othamangira ku Joni pa basi. A Yeremiya ankawasokera kathumba kam'kati ka pasipoti, malangizo n'kuwapatsa ngati basela: zovala muzikulunga, musapinde, keyala ya kumene mukupita muilembe pawiri, ina muiike m'sokosi, ku Roma mukaona mwana akukusekererani gwirani thumba, ku Kepitauni musakwere phiri lija langati tebulo mitambo itatsika. Khoma la kumbuyo kwa makina awo linali lodzaza ndi zithunzi zodula m'makalendala akale a ansembe a ku parishi: mzinda wa Venisi umene misewu yake ndi madzi, manda a mafumu a ku Ejipito, mathithi a Zambezi, mapiri oyera a ku Switzalandi. Amene anapitako amachitira umboni kuti malangizowo anali oona. Koma mwini wake kutali kumene anafikako kunali kummwera kwa dziko lomwe lino, ndipo anapitako atagona chafufumimba m'galimoto ya apolisi, unyolo uli m'manja.

Nkhani yake inali ya khutu.

Mu 1983 parishi inasankha anthu anayi oti akayendere malo oyera ku Roma ndi ku Lurde. Mmodzi anali a Yeremiya, chifukwa mikanjo ya kwaya ankasoka ulere. Pasipoti inatuluka. Sutikesi yamakatoni inagulidwa. Akazi awo, a Sabina, anakazinga mtedza woti akadye panjira. Kutatsala masiku asanu ndi anayi, a Bonifasi, amene nthawi imeneyo anali tcheyamani wa nthambi, anabwera kudzafuna malaya atatu aulere. A Yeremiya anati dikirani ndikabwereko. A Bonifasi anawerama n'kutola kansanza kamene telalayo ankapukutira mafuta a makina. Kanali kotsala pa nsalu ya chipani imene mayi wina anasoketsa, ndipo pa kansanzako panali khutu ndi tsaya la mtsogoleri, zili bii ndi mafuta.

Kansanzako katafika kupolisi, a Yeremiya anagona miyezi isanu ndi iwiri pa simenti ya m'ndende. Atatu aja anapita, nabwera ndi timabotolo ta madzi odalitsidwa. Pasipoti sinabwerenso. Mtedza uja a Sabina anadyetsa ana.

Zaka khumi ndi ziwiri a Yeremiya anangokhala chete, akupalasa makina, akumata zithunzi. Matipate atabwera anthu ambiri anatulutsa zakukhosi, ena mpaka kugwetsa nkhokwe za amene ankawazunza. Iwo ayi. Ankati chakudza sichiimba ng'oma. Ndiye lero si ichi chadza chokha, chaima pakhonde, chakweza manja kuti chiyezedwe m'khwapa.

"Mwanayu walemba kuti kukuzizira," anatero a Bonifasi, akutulutsa kalata yabuluu. "Akuti ndikatenge zofunda zokhuthala. Mwina mundisokere jekete ya bulangete?"

A Yeremiya anaimitsa choko. Kuzizira kwa kumeneko ankakudziwa bwino, ngakhale anali asanakumvepo pakhungu. Wansembe wina anawafotokozerapo: dzuwa limalowa anthu asanaweruke, mpweya umatuluka m'kamwa ngati utsi wa m'chigafa, ndipo mphepo yake siwomba pathupi, imalowa m'mafupa n'kukhala pansi.

"A tcheyamani, inu munabadwira kuti?"

"Mukudziwa. M'tsinde mwa phiri la Ntchisi."

"Ndiye mwezi wa Juni, chifunga chitatseka phiri lonse, munkapita kudambo ndi ng'ombe mutavala chiyani?"

"Kakabudula basi. Opanda ndi nsapato zomwe."

"Ehee! Ndiye munthu wa pa Ntchisi aziopa kuzizira kwa azungu? Iwo aja khungu lawo ndi la anyezi. Mwana wanuyo wadya batala, wafewa. Mukakatsika ndege mutadzikulunga bulangete ngati wodwala malungo, mkamwini wanu akakuonani bwanji? Akati apongozi ndi a kumudzi."

Mawu akuti kumudzi anagwira pamene anayenera kugwira. A Bonifasi anapinda kalata ija n'kuibwezera m'thumba.

Anasankha nsalu yoyererako, yopyapyala, yoti ukaiyang'anitsa kudzuwa umaona munthu wodutsa kuseri. A Yeremiya anaisoka ndi luso lawo lonse: suti ya manja aafupi, matumba anayi, khosi lotsegula, yopanda nsalu yam'kati. Sanasokepo chovala chokongola chotero. Anawonjezanso malangizo: nsapato zikhale zotsegula kuti mapazi asatupe, ndipo juzi asatenge chifukwa sutikesi ikalemera amaisiya pabwalo.

Kunyumba a Sabina anamva nkhaniyi akusenda chinangwa, ndipo mpeni unaima.

"Abambo a Takondwa, munthu uja akakafera kumeneko?"

"Akamuika m'manda okongola. Ndili nacho chithunzi chake."

"Lamulungu mukalandira ukalistia ndi pakamwa pomwepo?"

"Ndikaulula akabwerako. Panopa sindinamve chisoni, ndiye kulapa kwake sikungagwire."

Disembala yense a Yeremiya ankayang'ana chithunzi cha mapiri oyera chija n'kumaimba nyimbo za Khirisimasi mokweza kuposa kwaya. Chimanga chinamera, fodya anawokeredwa, kalata ya maliro sinabwere.

Kumayambiriro kwa Febuluwale, tsiku la msika, basi ya ku Lilongwe inatsitsa chinthu chimene Mponela inali isanachionepo: chijasi chakuda chofika m'akakolo, khosi lake laubweya ngati mchira wa nkhandwe, m'kati mwake muli a Bonifasi. Thukuta linali kamukamu, koma kuvula ayi. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda. Anthu anawatsatira mpaka pakhonde la telala, kumene a Bonifasi anakhala pa benchi osapemphedwa n'kuvula chijasi chija.

"Batani ili lagwedera, a Mbewe. Mulilimbitse. Koma musamale, nsalu iyi simunaigwirepo."

A Yeremiya analowetsa ulusi m'singano. Nsaluyo inali yolemera, yofewa, yonunkhira kutali.

"Mwayenda bwanji, a tcheyamani?"

"Ndayenda." A Bonifasi anatsitsa mawu kuti gulu lija lisamve. "Chitseko cha pabwalo la ndege chitangotseguka, mphepo itandimenya pachifuwa, ndinadziwa. Ndinati ili ndi khutu lija."

"Khutu liti?"

"Musandipusitse kawiri. Masiku asanu ndi limodzi ndagona m'chipatala, chibayo, mapaipi m'mphuno. Mwana wanga ankalira."

"Pabedi?"

"Pabedi, nanga pati?"

"Ine inali miyezi isanu ndi iwiri, pa simenti. Ana anganso ankalira."

Singano inalowa, inatuluka. A Yeremiya anadikira kukoma kumene anakuyembekezera zaka khumi ndi ziwiri. Kunabweradi, pang'ono, ngati shuga wotsalira m'kapu. A Bonifasi anali ataonda, ndipo ankakhosomola mozama.

Koma anadzuka, navala chijasi chawo, nayang'ana khoma lija kuyambira ku Venisi mpaka ku Ejipito. Kenaka analankhula mokweza, kuti wa tomato amve, wa sitolo amve.

"Chijasi ichi anandigulira mkamwini. Akutchalitchi kwawo anandipatsa zina ziwiri. Ndakwera sitima yoyenda pansi pa nthaka, anthuni. Chipale chija chimagwa ngati ufa, ndachigwira ndi dzanja ili, ndachilawa. Sichikoma kanthu." Analoza chithunzi cha mapiri oyera. "A Mbewe, chanu chija chimazizira? Kapena n'chofunda, poti n'chapepala?"

Anthu anaseka, osadziwa kuti akuseka chiyani, n'kutsatira chijasi kulowera kumsika.

A Yeremiya anakhala osapalasa makina. Anayang'ana khomalo ngati aliona koyamba. Zithunzi zinali zitachita chikasu, ntchentche zitadetsa mpaka denga la tchalitchi cha ku Roma. Munthu uja anamutumiza kuti akazunzike, ndipo anazunzikadi, koma wabwera ataona. Iwo zaka zonsezi akhala akulondera chitseko chimene loko wake anathyoka kale. Tcheyamani kulibe. Khadi ya chipani kulibe. Kansanza ungapukutire nkhope ya aliyense.

Anavundikira makina dzuwa likadali pamutu, zimene sanachitepo tsiku la msika. Anapesa tsitsi, nabwereka tayi pa suti ya kasitomala, n'kuwoloka msewu kupita kwa Benjamini wojambula zithunzi.

"Za ukwati kapena za chikumbutso, madala?"

"Za pasipoti."

"Mukupita kuti?"

"Kopitirira Mangalande. Jambula, usandifunse."

"Ndiye musakwinye nkhope choncho, angakukanizeni pa chipata."

"Ijambule momwemo. Ndi imene ndipite nayo."

Lachisanu anakazitenga: tizithunzi tinayi, tating'ono ngati masitampa, m'kaenvulopu kakhaki. Anatiika m'kathumba kam'kati ka jekete yawo, kamene anasoka mu 1983 ndipo sikanasungepo kanthu chiyambire, n'kukwera njinga kulunjika kumudzi, dzanja limodzi pa handulo, lina pachifuwa.