Dzina la pa Chitseko cha Thiraki

Kuseri kwa khitchini ya amayi ku Chinakanaka kudakali chitseko cha thiraki. Chinachita dzimbiri, nkhuku zimaikira mazira kunsi kwake, koma ukapukuta fumbi ndi chikhatho dzina limaonekabe, la penti yachikasu: Rozina. Ine si Rozina. Ndipo chaka chimene bambo anagula thiraki imeneyi panalibe munthu amene ndinkadana naye kuposa mwini dzinali.

Ndinali sitandade fili. Bambo anali atatopa kuyendetsa magalimoto a eni, kututa tiyi wa pa esiteti kupita naye kudoko ku Mozambique, ndipo anati basi, nawonso akhale ndi yawoyawo. Nyengo yonse ya chiperoni nkhani m'nyumba mwathu inali yomweyo. Ku Limbe kunali mathiraki awiri ogulitsa. Ina inali yatsopanoko, yoyera mbee. Inayo inali nkhalamba yobiriwira, yamphuno yaitali, chiwongolero kumanzere.

Amalume, amene anali makaniko kumalire ku Muloza, ankafuna yoyerayo. "Alamu, mukagula manda," ankatero. Bambo ankayankha kuti injini yakale ilibe kompyuta, ikakufera kutchire umaitsegula pansi pa mtengo wa mango ndi sipanala, pomwe yatsopano imafuna makina a m'tauni. Anapita kukaiona yobiriwirayo kangapo. Ankabwerako manja ali bii, akununkha dizilo, n'kumatifotokozera za utsi wake, za matayala, za mmene imalirira kukazizira. Ine temu imeneyo ndinakhala nambala wani. Anangoti "wachita bwino," maso ali pa chithunzi cha galimoto m'foni. Zinandiwawa, ndisaname.

Chinkanditonthoza chinali chimodzi: thiraki ya mwini imakhala ndi dzina. Mwana m'nyumbamo ndinali ndekha, mlongo wanga asanabadwe. Nanga likanakhala la yani? Ndinauza kalasi yonse. Anzanga ndinawalonjeza kuti adzakwera kutsogolo, ndipo mtsikana wina amene ankandinyada ndinamuuza kuti iye adzangomva hutala.

Inafika Loweruka, mvula ikuwaza, phiri litabisala mu nkhungu. Nthaka inanjenjemera. Amayi a pamsika anasiya nthochi zawo n'kumaitsatira akululutira. Ine ndinathamangira kuchitseko, ndipo ndinapeza kuti analemba kale ku Limbe konko. Ndinawerenga mokweza monga ankatiphunzitsira aphunzitsi, Ro-zi-na, pamaso pa anzanga onse aja.

Amayi anali atatuluka ndi lichero la nandolo. Atamva, anakhala pansi pomwepo, pamatope, nandolo ali mbwee. Sanalire. Bambo anatsika, anavula chipewa n'kuima chapatali ngati mlendo. Amalume, amene ndinkayembekeza kuti alalata, anangoti "Alamu," n'kuwagwira paphewa.

Kumjigo nkhani inapsa tsiku lomwelo. Akuti ndi mkazi wina wa bambo wa ku Milange, ku Mozambique, ena akuti ayi, ndi mwana wa mkaziyo, madalaivala ndi choncho. Kusukulu anayamba kundiitana Rozina, ndipo mtsikana uja ankaliza hutala ndi pakamwa ndikamadutsa. Ine m'mutu ndinamuumba Rozinayo bwinobwino: wansapato zoyera, tsitsi lomanga timaliboni, wolankhula Chipwitikizi. Bambo akabwera ndi buledi wa ku Milange ndinkakana, ndimvekere sindidya zotsala za anthu. Buledi wake wonunkhira chotero! Ndinkameza mate kuseri kwa nyumba, koma osagonja.

Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi bambo ankatsuka thiraki. Matayala ndi ngolo ankasiyira anyamata, koma chitseko chija ankapukuta okha, pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. Ine tsitsi langa anali asanalikhudzepo choncho. Ndinkaganiza kuti amayi ali mbali yanga, mpaka m'mawa wina ndinawapeza nawonso akupukuta mame pa dzinalo ndi nsonga ya chitenje. "Amayi inu, mulibe nsanje?" ndinawafunsa. Anati ndipite ndikatunge madzi.

Bambo ndinawafunsa kamodzi kokha, mokwiya, kuti anasiyiranji yoyera ija n'kutenga chinkhalamba. Za sipanala sanatchule. Anandionetsa kachitsulo kokhomedwa m'mbali mwa chitseko, pamene panali chaka chimene galimotoyo inapangidwa. "Ndi mkulu wako uyu," anatero. Ndinachoka ndikulira. Dzina andilanda, tsopano ndi ukulu womwe apatsa galimoto!

Zoona zake ndinazimva nditabereka mwana wanga woyamba, amayi atabwera kudzandisamalira m'chikuta. Ine sindinali woyamba. Panabadwa mtsikana bambo ali pamzere kudoko, ndipo anangokhala masiku ochepa. Kwathu khanda limene silinatuluke m'chikuta limaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, amuna sapitako, pamanda saikapo chizindikiro, ndipo anthu salitchulanso. Dzina la mwana woyamba amapereka ndi bambo. Iwo analisankha ali pamsewu, la agogo awo a ku Mozambique, n'kubwera nalo ulendo wonse pamodzi ndi kashawelo. Anapeza palibe womupatsa. Thiraki yobiriwira ija inapangidwa chaka chomwecho.

Lero ndimaona kuti amalume sankanama, inatidyera ndalama galimoto imene ija, ndipo bambo atamwalira tinaigulitsa kwa ogula zitsulo. Chitseko chokha amayi anakaniza.

Koma mwana wa chiperoni chija zonsezi sankazidziwa. Ankangoima pakhonde m'mawa, manja m'khwapa, akuona thiraki ikulowera ku Muloza, dzina lachikasu likunka lichepa. Ndipo mumtima ankati Rozina ameneyo ndi wamwayi, bambo amapita naye kulikonse.