Timakapusozi Tofiira ta Amayi

Bambo atamwalira, amayi anachoka kumudzi kudzakhala nane ku Area 47. Anali munthu wosatchula zam'thupi, ngakhale kwa ine mwana wawo wamkazi. Ndinkangowaona akupita kuchimbudzi pafupipafupi, n'kutulukako atagwira pamimba.

Nditawakakamiza, ananong'ona kuti mkodzo ukuwotcha ngati tsabola. Koma nditangotchula zachipatala, anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Kwathu munthu akamamva kuwawa pokodza, anthu amangoti ndi chinzonono basi.

"Ine wamasiye ndikanene zimenezo kwa dokotala?" anatero. "Akati ndibwere ndi mwamuna wanga, ndikamutenga kumanda?"

Mng'ono wanga, yemwe amagwira ntchito ku Capital Hill, anabweretsa kabotolo ka timakapusozi tofiira. Anagula kwa mnzake wogulitsa m'basi ya kuntchito. Akuti n'topangidwa ndi zipatso zakunja, timatsuka chikhodzodzo. Amayi anasangalala, poti botolo silifunsa mafunso. Ankamwa m'mawa uliwonse ndi tiyi, n'kumati akupezako bwino. Ine mtima sunali m'malo, koma mayi wako ungamunyamule ngati thumba la chimanga?

Loweruka lina tinapita kukagula zitenje ku Old Town. M'minibasi amayi anayamba kunjenjemera, dzuwa likuswa mtengo. Titatsika, anandigwira mkono m'chikhamu cha anthu muja, n'kundifunsa mwaulemu, "Pepani mayi, simunamuoneko mwana wanga?"

Mayo ine! Ndinawauza kuti ndine ndemwe, iwo n'kumangoyang'ana kumbuyo kwanga. Dzanja lawo linkatentha ngati mbaula. Sindinachitepo mantha otere chibadwire.

Kuchipatala anati matenda afika ku impso, ndipo kutentha thupi n'kumene kwawasokoneza mutu. Anawaika diripi. Ndinakhala pambali pa bedi ndikupempha Mulungu chinthu chimodzi, kuti asapite asanandizindikire.

Anatsitsimuka mawa lake masana, n'kunditchula dzina. Nesi wachikulire anawafotokozera kuti matenda a m'chikhodzodzo amagwira mkazi aliyense, ngakhale khanda, ndipo timakapusozi tija sitingaphe tizilombo titalowa kale m'thupi.

"Ndiye si zachiwerewere?" anafunsa amayi.

"Ayi ndithu, agogo."

Amayi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

"Nanga ine ndimafera chiyani?"