Mtengo wa Nimu Pamwamba pa Chitini cha Mvula

Kwa zaka khumi ndi ziwiri ndinkayeza mvula kuseri kwa nyumba yanga ku Makhuwira. A zanyengo anandiimikira chitini chokhala ndi fanulo pamwamba, nandipatsa kabotolo ka mizere ndi kabuku. M'mawa uliwonse kuthira madzi m'kabotolo, kuwerenga, kulemba. Basi. Koma ine, ha, ndinkayenda ngati mvulayo ndimagwetsa ndine.

Dzuwa la kuno silinyengerera munthu. Chaka choyamba chomwecho ndinabzala mtengo wa nimu pafupi ndi chitinicho kuti ndiziwerenga pamthunzi ngati bwana. Mkazi wanga anati, "Bambo, mtengotu umakula." Ndinamuuza kuti za sayansi asiyire eni ake.

Patapita zaka, manambala m'kabuku anayamba kutsika. Ndinkalalikira pamsika, pachigayo, ngakhale pamaliro: mvula ikutha anthu inu, umboni ndili nawo! Shire ankasefukira n'kumiza chimanga kudimba, ine osagonja, kabuku kukhwapa.

Tsiku lina a zanyengo anabwera ndi mlendo, mayi wina amene anagwirapo ntchito kumathero a dziko, kumene pansi ponse ndi madzi oundana. Kudzera mwa womasulira anatiuza kuti kumeneko amayeza mpweya ndi kuchindikala kwa madzi oundanawo zaka ndi zaka, pamalo amodzimodzi, osasintha kanthu. Anati mabuku awo ndi kabuku kanga ndi pachibale, ndipo akufuna kuwaika pamodzi kuti aone mmene nyengo ikusinthira. Ndinatupa ngati finye. Ndinali nditavala jekete, m'mwezi wa Okutobala, ku Chikwawa.

Tinapita kuseri. Mayiyo anayang'ana chitini, kenaka anakweza maso. Mtengo uja unali utatambalala pamwamba pa fanulo ngati ambulera. Anatola masamba awiri m'fanulomo nandifunsa mwaulemu, "Mtengowu unafika liti pano, bambo?"

"Unamera wokha," ndinatero.

"Nkhabe!" anakuwa mkazi wanga ali pakhonde, ndipo akapsa mtima chimatuluka ndi Chisena. "Anabzala okha awa."

Mayiyo anafotokoza modekha kuti nthambi zinkatchinga mvula isanafike m'chitini. Zaka zitatu zoyamba anazilandira. Zotsalazo anazikhwatcha ndi cholembera, tsamba ndi tsamba, ine ndikuona. Zinandipweteka, sindinama. Sindinajombepo m'mawa ndi umodzi womwe. Ngakhale tsiku loika maliro a mayi anga ndinayamba ndayeza kaye. Nthawi yonseyo ndinkayeza kukula kwa mtengo wanga.

Chitini anachisamutsira pamtetete, nandipatsa kabuku katsopano, ndiyambirenso tsamba loyamba ndi imvi zangazi. Mtengo sindinaudule, mkazi wanga anakana. M'mawa uliwonse amayala mkeka pansi pake n'kumandionerera ndikupsa ndi dzuwa.