Mano a Kapitawo, mbira ya agogo

Agogo anga aamuna, a Mbewe, akandibwerera m'maganizo, chimayamba kundifika ndi fungo la khitchini yathu ya ku Dambe m'mawa wa mu Juni: utsi wa nkhuni zaziwisi za bulugamu wosakanikirana ndi fungo la udzu wonyowa ndi mkodzo wa mbira, kunja nkhungu itaphimba minda ya mbatatesi mpaka osaona nyumba ya aneba. Agogowo akangotsokomola pakhomo, mbira zonse zinkatuluka kuseri kwa mitsuko zikulira kwii kwii kwii ngati wailesi imene yataya siteshoni.

Mbirazo zinalipo zambiri ndithu, ndipo iliyonse inali ndiwo yongodikira tsiku lake, kupatula imodzi yamphongo, yofiirira, ya banga loyera pamphumi. Agogo anaitcha Kapitawo. Ali mnyamata anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndipo ankati mbirayi inkawakumbutsa kapitawo wawo: kukuwa kwambiri, kudya kwambiri, ntchito osagwira. Pofuna kumuteteza ku mpeni wa agogo aakazi, a Nankhoma, analengeza kuti Kapitawo ndi wanga. "Chiweto cha mdzukulu sichiphedwa," anatero. Ine ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkamukonda Kapitawo kuposa asuweni anga onse.

Agogo aamuna anali atatsala ndi mano awiri okha, lina kumwamba lina kumunsi, ndipo sankakumana. Ankati anakanganirana nzimbe kalekale. Tsono chakudya chawo chinali chofewa chokhachokha: phala, nthochi zakupsa, mandasi oviika mu tiyi. Poti Kapitawo ankakhala pamiyendo pawo nthawi ya kadzutsa, anayamba kugawana naye. Nanenso pobwera kusukulu ndinkamusungira kachidutswa ka chigumu m'thumba la yunifolomu. Posakhalitsa udzu anausiyira anzake.

"Bwana sadya udzu," agogo ankatero akumupukuta pakamwa ndi chala.

Patapita miyezi ingapo, Kapitawo anasiya kukuwa. Dovu linkangochucha mpaka chibwano chonse kunyowa. Akatola chakudya, ankachigwetsa, n'kumangochiyang'ana. Mimba inafufuma ngati mpira, ndipo timibulu ta ndowe timene ankasiya paliponse, ngakhale mu nsapato za agogo, tinachepa kenako tinasiyiratu. Agogo anayesa madzi a mchere, anayesa makala osinja, anamupempherera. Palibe chinasintha.

Agogo aakazi anamuyang'ana Lachinayi, n'kumukweza m'manja ngati akuyesa kulemera kwa nkhuku pamsika.

"AMbewe, chiweto chikayamba kudwala, anthu anzeru amafulumira chisanaonde. Lamulungu likafika asanadye, ine ndimuwawula basi."

Ndinalira mpaka kukana chakudya. Koma Lachisanu m'mawa agogo aamuna anandidzutsa atavala jekete lawo la kutchalitchi.

"Iwe Tadala, tenga buku lako la kuchipatala. Lero sukulu ipume."

Anamukulunga Kapitawo mu chitenje chatsopano cha agogo aakazi, n'kumufukata pachifuwa. Tinayenda maola awiri, kutsika ndi kukwera zitunda, mpaka pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Azimayi anali atadzaza pa mabenchi. Ataona gogo wa imvi atafukata kakhanda, anasunthirana kuwapatsa malo kutsogolo.

"Pepani agogo. Kodi mayi ake ali kuti?" anafunsa mayi wina wa duku lobiriwira.

"Alipo. Koma ali ndi ana ambiri, samusamala."

"Kalanga ine! Wabadwa liti?"

"Chaka chatha."

"Chaka chatha? Kuchepa chonchi?"

"Ndi mtundu wawo. Onse ndi aafupi."

"Nanga akudwala chiyani?"

"Mimba. Komanso ndikukayikira mano."

"Eya, akamamera mano amavuta choncho."

"Ayi, uyu anabadwa nawo."

Mayi uja anatseka pakamwa, n'kukoka mwana wake kumuika mbali inayo. Benchi yonse inayamba kusunthira kumapeto pang'onopang'ono mpaka tinatsala awiri, ine ndi agogo.

Titalowa, anamwino anatsegula buku lija n'kuwerenga mokweza. "Tadala Mbewe, zaka zisanu ndi zinayi." Anayang'ana ine, anayang'ana kamtolo kaja.

"Wodwala ndi uti?"

"Wodwala ndi uyu. Buku ndi la mwini wake."

Anamwino atavundukula chitenje, Kapitawo anatulutsa mphuno n'kuti kwii, kamodzi kokha, mofooka. Cholembera chinaulukira pawindo. Anamwinowo atapezanso mpweya anaseka mpaka kugwira tebulo, koma ataona misozi yanga anasiya. Anati iwo mankhwala a mbira alibe, koma alangizi a ziweto tsiku limenelo ankabaya mbuzi katemera kuseri kwa msika, tithamangire kumeneko.

Alangiziwo anali mayi wachitsikana wovala jombo. Sanaseke. Anamugoneka Kapitawo pa thumba, n'kumutsegula pakamwa mosamala. Ndinaona ndi maso anga: mano akutsogolo anali atatalika n'kupindika ngati nyanga za mbuzi, akumunsi atapingasana ndi akumwamba, lina litayamba kubaya mlomo.

"Agogo, mumamudyetsa chiyani?"

Agogo anawongola jekete. "Phala. Mandasi. Chigumu. Tiyi."

"Tiyi? Wa shuga?"

"Masipuni awiri, ngati ine."

Alangizi anapumira m'mwamba. Anatifotokozera kuti mano a mbira sasiya kukula mpaka imfa, ndipo chimene chimawaperesa ndi kutafuna udzu tsiku lonse. Mimba yakenso imayenda ndi udzu womwewo. Ukasowa, matumbo amaima, mpweya n'kudzaza.

Agogo anadzigwira nsagwada. "Eti mano osasiya kukula? Ine ndakhala ndikupempha awiri okha owonjezera, Mulungu n'kukapereka onse kwa mbira!"

Alangizi anafupikitsa mano aja ndi kachitsulo kawo, n'kuwasalaza ndi tupa, ine nditatseka maso. Anatipatsa jakisoni wopanda singano kuti tizimumwetsera udzu wosinja wosakaniza ndi madzi, pang'onopang'ono, ndipo anatisonyeza kasisitidwe ka mimba. Sanatinamize. "Akatulutsa ndowe, wapulumuka. Akapanda kutero, ndiye kuti mwachedwa."

Loweruka lonse tinalithera pa mkeka padzuwa, kudikira ndowe za mbira. Agogo aamuna ankasisita mimba ndi zala ziwiri akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Ine ndinkasinja udzu mumtondo, koma unkangothawira m'mbali. Agogo aakazi, amene anali asanatilankhule chifukwa cha chitenje chawo, anandilanda munsi.

"Choka apa, undiswera mtondo."

Anasinja okha mpaka udzu unasalala ngati chigwada. Anathiramo timasamba ta chisoso, n'kunena kuti akungofuna nyamayo inenepe.

Lamulungu m'mawa belu loyamba la kutchalitchi linalira, agogo aakazi akunola mpeni pamwala mwadala kuti timve. Mwadzidzidzi m'khitchini munamveka mfuu. Agogo aamuna anatuluka akuthamanga, nsapato imodzi kuphazi, atanyamula tsamba la nthochi ndi manja awiri ngati mbale ya chopereka.

"ANankhoma! ANankhoma, werengani!"

Patsambapo panali timibulu tisanu ndi tiwiri, touma, tating'ono ngati mpunga. Agogo aakazi anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Zaka zonse ndakhala nanu m'banja muno, mphatso yoyamba kundibweretsera ndi manja awiri ndi imeneyi?"

Anabweza mpeni padenga. Masana amenewo Kapitawo anatafuna yekha tsamba la nsenjere, monyinyirika ngati munthu wochotsedwa paudindo.

Chovuta chinatsala kwa agogo aamuna. Kapitawo akangomva supuni ikugunda kapu, ankabwera kudzaima pamapazi awo n'kumawayang'ana. Agogo sankatha kupirira maso amenewo. Kuyambira pamenepo ankamwera tiyi wawo kuseri kwa nkhokwe, ataimirira, akutakasa ndi kamtengo kuti pasamveke phokoso. Aneba ankaganiza kuti agogo aakazi anawathamangitsa m'nyumba.

Kapitawo anakhala zaka zina zitatu. Atafa ndi ukalamba, amalume anati nyama isawonongeke, koma agogo aakazi anakana. "Amene unamudwazika sudya." Anatenga khasu okha n'kukakumba pansi pa mtengo wa nachesi. Agogo aamuna anamwalira ndili Fomu 2, ndipo aakazi anawatsatira patangopita mvula ziwiri.

Lero ndimakhala ku Blantyre, m'nyumba ya lendi, ndipo pakhonde pali bokosi la mbira ziwiri za ana anga. M'mawa uliwonse ndisanapite ku ofesi ndimatsikira kukhwawa ndi chikwakwa, nditavala kale zakuntchito, kukamweta udzu wa mame. Pa mzere wathu wa nyumba anthu anagwirizana kalekale kuti ndimakatenga mankhwala. Mwezi watha mayi wa khomo lachitatu anandiimitsa pampopi, n'kundinong'oneza kuti ndimugawireko, amuna ake sakukhazikika pakhomo. Ndinamuuza kuti ndi udzu wa mbira, ndinamuonetsa ndi mbira zomwe. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti akumvetsa, sauza munthu. Ndinatopa, ndinamupatsa kamtolo.

Akuti bamboyo masiku ano akumafika dzuwa lisanalowe.